Dzenje lomwe linandithyola dzanja

Ndimaphika mandasi ndi masikono, n'kumaperekera m'magolosale atatu komanso pakantini ina yapafupi ndi depoti. Ntchito imeneyi ndi yolawirira. Ikamakwana 5 koloko m'mawa ndimakhala ndili kale pakabaza, beseni lili pamiyendo, chifukwa anthu a minibasi amafuna tiyi asanayambe kuitanira.

Dzenje lomwe ndikufuna kukuuzani ndinkalidziwa ngati pakhomo panga. Linali pakona pomwe msewu wochokera kwathu umatsetserekera kumsika. Linayamba itangopita mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe mchenga ndi zinyalala zinatseka ngalande ya m'mbali, madzi n'kuyamba kuyenda pamwamba pa tala. Poyamba inali ming'alu chabe, yooneka ngati khungu la ng'ona. Pofika mu Okutobala panali kadzenje kukula ngati mbale ya ndiwo. Mvula ya Disembala itabwera, kanasanduka dzenje loti mwana akhoza kusambiramo.

Tonse tinkalilambalala. Oyendetsa minibasi ankakhotera kumanja, a kabaza ankadutsa m'mbali mwenimweni mwa ngalande. Masiku ena pankabwera anyamata awiri ndi fosholo, kuthiramo dothi ndi zidutswa za njerwa, kenako n'kumaimika magalimoto: “Ya sopo bwana, takukonzerani msewu.” Ineyo ndinawapatsapo K200 kangapo, ndipo mumtima ndinkati mbali yanga ndachita. Mvula ikagwa kamodzi, dothi lonse linkakokoloka, njerwa zija n'kutsala zili mbwee pamsewu. Kwa miyezi yonseyo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti dzenje ndi chinthu choti munthu angakanene kwinakwake. Ndinkaliona ngati mvula kapena fumbi, zinthu zongopirira.

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Januwale 2024. Usiku kunagwa mvula yambiri. Mnyamata yemwe amanditenga masiku onse anali atapita kumaliro kumudzi, ndiye ndinakwera wina wachilendo, yemwe anali atangoyamba kumene kuyenda njira yakwathu. Kunali kudakali mdima, ndipo madzi anali atadzaza dzenje lija mpaka kufanana ndi msewu. Kutsogolo kunkabwera minibasi itayatsa magetsi onse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti “dzenje”, koma mawuwo sanatuluke. Tayala lakutsogolo linalowa, njinga yamotoyo inaima, ife tinapitirira.

Ndinatsogoza dzanja lamanja. Ndinamva kuti thyo, ngati nkhuni youma, kenako mlomo unamenya tala. Chodabwitsa n'chakuti ululu sunabwere nthawi yomweyo. Chomwe ndinaona poyamba ndi mandasi anga akuyandama m'matope, ndipo ndinayamba kuwatola ndi dzanja lamanzere, ngati munthu wozungulira mutu. Mnyamata uja anali atasupuka bondo ndi chigongono, akungonjenjemera. “Amayi pepani, ndimayesa ndi madzi chabe. Amayi chonde pepani.” Tonse awiri tinalibe chipewa choteteza mutu. Minibasi ija ikanakhala kuti inali kumbuyo kwathu, bwenzi nkhani ino akulemba ndi ena.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa koyamba, ndipo ndinadzalipira pambuyo pake. Anthu atasonkhana, bambo wina anati tipite kupolisi. Mnyamata uja anagwada pansi m'matope momwemo. Analibe laisensi, njingayo inali ya bwana wake ndipo inalibe nambala. Anati akapita kupolisi njinga ikagwidwa, ntchito ithera pomwepo. Ndinamumvera chisoni, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndikanachita mosiyana. Koma dziwani kuti ngozi yomwe sinalembedwe kupolisi, kumaofesi amaiona ngati sinachitike. Panalibenso ndi mmodzi yemwe amene anajambula malowo, chonsecho pafupifupi aliyense anali ndi foni m'manja. Ngati muli ndi mnzanu pamalo a ngozi, muuzeni ajambule dzenjelo, njinga kapena galimoto ili pomwe yagwera, ndipo atenge manambala a foni a anthu awiri omwe aona. Ndi ntchito ya mphindi zitatu, koma pakapita tsiku limodzi simungaibwezerenso.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la pamkono, pafupi ndi polumikizira dzanja, lathyoka. Anandiika chikhakha cha masabata 6. Ekisire, mankhwala ndi mayendedwe zinandidyera pafupifupi K58,000. Koma chomwe chinandipweteka kwambiri si chimenecho. Munthu sungakande ufa ndi dzanja limodzi. Ndinalemba ganyu mtsikana wina kuti azindikandira, K1,500 patsiku, koma mandasi ake ankatuluka olimba, ndipo pakutha pa sabata yachitatu a kantini aja anapeza wina wowapatsa. Apa n'kuti kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa ndi mafuta ophikira zitakwera moti phindu linali lochepa kale. Bambo a kunyumba, poyesa kundiseketsa ataona mlomo wanga wotupa, anati: “Akuluakulu ankati safunsa anadya phula, koma inu mayi mwadya phula weniweni wa boma.” Ndinaseka, kenako ndinalira.

Mkwiyo utandigwira, ndinachita zomwe ambiri timachita. Ndinalemba uthenga wautali pagulu la WhatsApp la m'dera lathu, ndi chithunzi cha chikhakha changa. Anthu anayankha mwaunyinji. Wina anati boma latitaya, wina anati dzenje limeneli linamudyera tayala, wina anayambitsa za zipani, ndipo pofika madzulo nkhani inali itasanduka mkangano wa mpira. Mwana wanga wamkulu anaika chithunzicho pa Facebook. Ndinaimbanso foni pa pulogalamu ina ya pawailesi ya m'mawa, ndinadikira pamzere mpaka mayunitsi a K2,000 anatha, ndipo nditalowa ndinalankhula kwa mphindi imodzi. Muulutsi anati akuluakulu amva. Ndinagona tsiku limenelo ndikumva ngati ndagwira ntchito yaikulu.

A khansala athu ndinakumana nawo pamaliro. Ndinawatsatira pomwe ankapita kugalimoto, n'kuwaonetsa dzanja. Anagwira pakamwa. “Pepani kwambiri amayi. Tamva, tiziona.” Sindikuwanena kuti ndi munthu woipa. Koma tsiku limenelo anthu asanu ndi awiri anawaimitsa, wina za mjigo, wina za fizi, wina za bokosi la maliro ena. Analibe cholembera m'manja, ndipo ine sindinawapatse pepala lililonse.

Kumayambiriro kwa Febuluwale ndinapita ndekha kumaofesi. Ulendo woyamba mlonda wa pageti ananditumiza komwe amalipirira misonkho ya malo, ndipo nditaima pamzere ola lathunthu anandiuza kuti si kumeneko. Ulendo wachiwiri ndinapeza khomo loyenera, koma anati abwana apita kumsonkhano. Ulendo wachitatu ndinakumana ndi bambo wina pakhonde, wovala bwino, yemwe anandimvetsera mwaulemu n'kulemba dzina la dera lathu kuseri kwa envulopu. Sindinamufunse dzina, sindinamufunse udindo wake. Mwina anali mlendo ngati ine ndemwe. Maulendo atatuwo anandidyera K9,000 ya mayendedwe, ndipo ndinabwerera ndilibe kanthu kalikonse kosonyeza kuti ndinapitako.

Zinthu zinatembenukira kutchalitchi. Kuli bambo ena achikulire, omwe timangowatchula kuti a kapitawo, chifukwa anagwira ntchito ya misewu zaka zambiri asanapume. Tikutuluka m'mapemphero anandifunsa za dzanja, ine n'kuyamba kudandaula kuti ndanena paliponse koma palibe akumva. Anandisiya ndimalize, kenako anandifunsa modekha: “Mwana wanga, msewu umenewu mwini wake ndani?”

Ndinati ndi wa boma.

“Boma lake liti? Nanga kalata yako ili kuti? Anailandira ndani, tsiku liti?”

Ndinangoti kukamwa yasa. Anandikhazika pabenchi pansi pa mtengo wa mango n'kundiphunzitsa zomwe ndikanayenera kudziwa ndisanataye mwezi wathunthu. Misewu ya m'dziko muno ili ndi eni ake osiyana. Ikuluikulu yokhala ndi nambala, monga M1 yomwe imachokera ku Nsanje kudutsa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu mpaka kumalire a Songwe ku Karonga, imayang'aniridwa ndi Roads Authority, ngakhale pomwe ikudutsa pakati pa mzinda. Misewu ya m'malokeshoni ndi ing'onoing'ono ya m'tauni ndi ya khonsolo, ndipo kukhonsoloko nkhani za misewu zimapita kunthambi ya mainjiniya, osati kwina kulikonse. Ndalama zake nazo zili ndi njira yake. Malamulo a 2006 anagawa ntchitoyi pawiri: Roads Authority yoona zomanga ndi kukonza, ndi Roads Fund Administration yosonkhanitsa ndi kugawa ndalama. Gawo lalikulu limachokera pa kamsonkho komwe kali mumtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kuwonjezera pa zipata zolipiritsa monga cha Chingeni chomwe chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha Kalinyeke ku Dedza mu 2022.

“Ndiye ukakwera kabaza,” anatero, “mu K1,000 yako ija muli kandalama ka msewu. Sukupempha chithandizo ayi. Koma ngakhale ngongole yako yomwe, ukapita kukaitenga kunyumba yolakwika, ubwerako chimanjamanja.”

Wathu unali msewu wa khonsolo. Ngati simukudziwa kuti wanu ndi wa ndani, lemberani khonsolo ndipo m'kalatamo mufunse kuti ngati si wawo akuuzeni mwini wake. Funso limodzi lomwelo limapulumutsa maulendo ambiri.

Lolemba lake a kapitawo anabwera kudzaliona dzenjelo. Anaima nthawi yaitali osalankhula, kenako anatosa pansi ndi ndodo yawo. Munali madzi. Anandifunsa kuti mvula inagwa liti komaliza. Mukumbukira mmene Febuluwale wa 2024 analili, chaka cha El Niño, chimanga chikufota m'minda mpaka a Lazarus Chakwera, omwe anali Pulezidenti nthawi imeneyo, anadzalengeza mu Malichi kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka la chilala. Panali patatha masabata awiri kopanda ngakhale dontho. Msewu wonse unali gwa, fumbi lokhalokha, koma m'dzenjemo munali monyowa ndipo m'mbali mwake munamera kaudzu kobiriwira.

“Awa si madzi a mvula,” anatero. “Pansi apa pali paipi yomwe ikudontha.”

Anandifotokozera kuti tala ndi chikopa chabe, chopyapyala kuposa mmene timaganizira. Chomwe chimanyamula galimoto ndi miyala ndi dothi lotsenderedwa lomwe lili pansi pake. Madzi akalowa mmenemo, kaya kudzera m'ming'alu, kaya kuchokera m'ngalande yotsekeka, kaya kuchokera m'paipi, pansipo pamafewa ngati phala. Tayala lililonse likaponda, talayo amatitimira n'kusweka, ndipo zidutswa zimachoka chimodzichimodzi. N'chifukwa chake dothi la anyamata aja silinkakhalitsa. Ankathira pamwamba pomwe matenda ali pansi. Anati ngakhale khonsolo itabwera mawa n'kumatapo phula, pakatha miyezi iwiri dzenje libwerera, paipiyo ikapanda kukonzedwa.

Kalata tinalembera limodzi pakhonde pawo. Ine ndinabwera ndi masamba atatu odzaza mkwiyo, momwe ndinatchulamo misonkho, ziphuphu ndi ana anga. Anawerenga, n'kundibwezera. “Izi sunga, ukawerengere adzukulu. Injiniya akufuna adziwe kuti apite kuti, atenge chiyani.” Yomwe tinatumiza inali ya tsamba limodzi. Tinalemba dzina la msewu, ndipo popeza maina a misewu yathu ambiri sawadziwa, tinawonjeza zizindikiro: mamita pafupifupi 50 kuchokera pachigayo, moyang'anana ndi geti la sukulu ya pulayimale, mbali ya kumanzere ukamatsikira kumsika. Tinaliyeza ndi tepi yomwe ndinabwereka kwa telala: masentimita 130 m'litali, 90 m'lifupi, ndipo kuya kwake, poika thabwa pamwamba n'kuyeza kutsika, kunali 22. Tinalemba kuti lili pakona, kuti usiku silioneka, kuti ana asukulu amawolokera pomwepo, kuti magalimoto polithawa amalowa mbali ya anzawo, komanso kuti m'dzenjemo mumatuluka madzi ngakhale kopanda mvula. Za ngozi yanga tinalemba mizere iwiri yokha, ndi tsiku lake, n'kuphatikizapo fotokope ya tsamba la m'buku langa lakuchipatala.

Zithunzi zomwe ndinali nazo m'foni zinali zopanda ntchito. Ndinkajambula pafupi kwambiri, moti chinkaoneka ndi chithaphwi chabe chomwe chikhoza kukhala paliponse m'Malawi muno. Tinajambulanso zitatu: china patali kuti chigayo ndi geti la sukulu zioneke, china titaimika botolo la Fanta m'kati kuti kuya kuoneke, ndi china minibasi ikulithawa. Kusindikiza zithunzizo ndi mafotokope kunakwana K4,500.

Kenako tinayenda kusainitsa anthu. Apa ndinaphunzira kuti anthu omwe amalankhula kwambiri pa WhatsApp si omwe amasaina. Ena ankaopa kuti dzina lawo likaoneka ndiye kuti alowa ndale. Omwe anandithandiza kwambiri ndi a kabaza. Tcheyamani wa pasiteji yawo anatenga pepalalo m'mawa, pofika masana linabwera ndi maina 27. A hedi a pasukulu paja anasaina n'kudindapo chidindo cha sukulu, a mfumu a m'dera lathu nawonso anadinda chawo. Onse pamodzi anakwana 46. Ndikuganiza kuti zidindo ziwirizo zinalemera kuposa maina onsewo.

Pa 4 Malichi ndinapita nayo, chikhakha atangochichotsa kumene, dzanja lili lopyapyala ngati la mwana. Ulendo uno ndinadziwa chonena pageti: ndabwera kudzasiya kalata ku registry, komwe amalandirira makalata. Kalatayo inalembedwa kwa mkulu wa khonsolo, kudzera kwa mkulu wa nthambi ya mainjiniya. Ndinatenga makope awiri. Mayi wa pawindo analandira imodzi n'kunena kuti basi zatheka. Ndinakumbukira mawu a a kapitawo, n'kutulutsa inayo: “Chonde achemwali, mundidindireko iyi kuti mwalandira.” Anandiyang'ana pang'ono, koma anadinda, n'kulemba tsiku ndi kusaina. Musachoke pawindo popanda chidindo chimenechi. Pa zonse zomwe ndinachita, kapepala kameneka ndi komwe kanasintha mmene anthu ankandilankhulira. Kope yachitatu ndinakasiya kunyumba kwa a khansala, ndipo ulendo uno ananditumizira uthenga madzulo omwewo kuti aiona.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mawa lake kunabwera thirakitala. Kunalibe. Panadutsa masabata awiri kuli zii. Nditapitanso, ndinaonetsa kope yanga yodindidwa ija, ndipo m'malo mondiuza kuti abwana atuluka, mlembi wa kunthambi ya mainjiniya anatsegula buku n'kupeza kuti kalatayo inafika pa tebulo lawo pa 11 Malichi. Anandiuza mosabisa kuti ndabwera nthawi yovuta. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimatha pa 31 Malichi, chatsopano n'kuyamba pa 1 Epulo, ndiye m'mwezi womaliza mthumba mumakhala mutauma, komanso ntchito zambiri zomata misewu amadikira kuti mvula ithe. Ndikanalemba kalatayi mu Okutobala, dzenje likadali ngati mbale ya ndiwo, mwina likanalowa pa ntchito zomwe amachita mvula isanayambe. Mawu amenewa anandilasa, chifukwa mu Okutobala ndinkadutsapo kawiri patsiku ndi manja anga onse awiri ali bwinobwino.

Ndinamupempha mlembiyo nambala ya foni ya muofesi, ndipo ndinayamba kuimba Lolemba lililonse cha m'ma 9 koloko. Sindinkakalipa. Ndinkangoti, “Ndine mayi uja wa kalata ya pa 4 Malichi, ndimati ndimve kuti yafika pati.” Ndinagula kabuku ka K300 momwe ndinkalemba tsiku, yemwe ndalankhula naye ndi zomwe wanena. Pofika sabata yachinayi ankandizindikira mawu ndisanadzitchule. Amayi ena a kumsika ankandiseka kuti ndikudzivutitsa, ndidikire kampeni ya chisankho cha 2025, misewu yonse idzakonzedwa yokha. Sindinawayankhe, koma masiku ena ndinkaona ngati akunena zoona.

Injiniya anabwera pakati pa Epulo, mnyamata wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, atanyamula kalata yathu m'manja. Funso lake loyamba linali loti kodi ngozi yanga inalembedwa kupolisi. Nditati ayi, anapukusa mutu. Anati maenje ndi ambiri kuposa ndalama, ndiye posankha poyambira amayang'ana pomwe pali umboni woti anthu akuvulala. Anaona madzi aja n'kuvomereza kuti a kapitawo ananena zoona, kenako ananena zomwe zinandifooketsa mawondo: paipi si ya khonsolo. Iwo alembera a bungwe la zamadzi, koma ifenso tikanene, chifukwa sangamate msewu pamwamba pa paipi yodontha.

Apa ndinadziimba mlandu ndekha. A kapitawo anatchula za paipi mu Febuluwale, ndipo ine ndinangoiika ngati mzere umodzi m'kalata ya khonsolo, poganiza kuti maofesi amauzana okha. Miyezi iwiri inatayika pamenepo. Mukaona dzenje lonyowa nthawi ya dzuwa, kanenani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Kwa a zamadzi kunali kosavuta: ndinapita kuofesi yawo ya m'dera, analemba, ndipo nditapempha anandipatsa nambala ya dandaulo langa. Madzi otayika ndi ndalama zawo, ndiye sanachedwe kwambiri. Patatha masiku 12 anabwera, anakumba, anapeza paipi yong'ambika polumikizira, anaikonza n'kukwirira.

Koma atachoka, pamalopo panaipa kuposa kale. Pomwe panali dzenje limodzi tsopano panali chimzere cha dothi chodula theka la msewu, ndipo magalimoto atapondaponda chinatitimira. Anthu anayamba kundiloza chala. “Mayi a mandasi aja ndi omwe atibweretsera izi.” Bambo wina wa galimoto yaing'ono anaphulitsa tayala pomwepo usiku, ndipo m'mawa anabwera kudzandikalipira pakhomo ngati ndine ndinakumba. Sabata imeneyo ndinatsala pang'ono kuzisiya. Ndinauza bambo a kunyumba kuti dzanja ndi langa lomwe linathyoka, nanga ndizinyozedwanso chifukwa chiyani.

Anandilimbitsa mtima ndi a kabaza aja. Loweruka lina anabwera anthu 11 ndi makasu ndi mawilibala, tinafukula ngalande yonse kuyambira pachigayo mpaka pakalavati. Munatuluka mchenga, majumbo, matewera a ana, ngakhale nsapato. Ndinawaphikira mandasi ndi tiyi, zomwe zinandidyera ngati K12,000. Tinapezanso mgolo wakale, tinaupaka laimu n'kuuika patsogolo pa malo oipawo kuti uzioneka usiku. Kale tinkaika nthambi za mitengo, koma zimafota tsiku limodzi n'kuphwanyidwa. Miyala ikuluikulu musaike, chifukwa wa njinga akaigunda mumdima mwamupha ndinu. A kapitawo anatiletsanso maganizo omwe ena anabwera nawo, oti tisonkhe ndalama tigule simenti tithirepo tokha. Anati simenti sigwirana ndi tala, imasweka n'kusiya mano akuthwa, komanso ukakumba msewu popanda chilolezo mlandu umakhala wako.

Ndinalemba kalata yachiwiri pa 20 Meyi, yaifupi kwambiri. Ndinatchula tsiku la kalata yoyamba, tsiku lomwe injiniya anabwera, nambala ya kwa a zamadzi ndi tsiku lomwe anamaliza, n'kunena kuti tsopano chotchinga chachoka ndipo ngalande tafukula tokha. Ndinafunsa funso limodzi: ntchitoyi ichitika liti? A kapitawo anandiuza kuti zikakanika pamenepa pali njira zina. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo munthu akhoza kufunsa molemba kuti aone ndondomeko ya misewu yomwe ikonzedwe. Palinso ofesi ya Ombudsman, yomwe imamva madandaulo a anthu omwe sanathandizidwe moyenera ndi maofesi a boma. Sindinafike kumeneko. A khansala, omwe tsopano anali ndi makope a makalata onse awiri, anaitenga nkhaniyo kumsonkhano wawo, ndipo kumayambiriro kwa Juni kunabwera lole yomwe inathira miyala yogaya kuti anthu azidutsa kaye.

Kumata kwenikweni kunachitika mu Julayi, miyezi 6 chigwereni changa. Ndinasiya beseni kwa mwana n'kukaima pomwepo tsiku lonse limodzi ndi a kapitawo, omwe anabwera atavala chipewa chawo chakale cha kuntchito. Anyamatawo anadula m'mbali monse kuti pakhale ngodya zinayi zowongoka, anachotsa dothi lofewa mpaka anafika polimba, anathira miyala n'kuitsendera ndi makina aja odumphadumpha, anasesa fumbi, anawaza phula wamadzi wakuda, kenako anathira phula wosakaniza ndi miyala n'kutsenderanso. A kapitawo ankangogwedeza mutu, koma pena anakuwa, “Iwe, tsendera kawiri m'mbalimo, madzi amalowera mmenemo!” Mnyamatayo anaseka n'kubwereza. Ntchito yonse inatenga maola osakwana asanu. Nditaona kuti ndi maola asanu okha, sindinadziwe ngati ndisangalale kapena ndikwiye.

Za chipukuta misozi ndinafunsako. Mng'ono wa bambo a kunyumba, yemwe amagwira ntchito kwa maloya, anandiuza kuti ndikhoza kukafunsa uphungu ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu omwe sangathe kulipira loya, koma anandichenjeza kuti popanda lipoti la apolisi, popanda zithunzi za tsikulo, komanso nditakwera njinga yopanda mapepala, mlandu wake ndi wokwera phiri. Ndinazisiya. Nditawerengetsa m'kabuku kanga, chipatala, ganyu ya wokanda ufa, mayendedwe, mayunitsi, mafotokope ndi tiyi wa a kabaza, zinapitirira K170,000, osawerengera kantini yomwe sinabwererenso. Pa ndalama zonsezo, zomwe zinagwiradi ntchito yokonzetsa msewu sizinafike K25,000.

Dzanja linapola, koma silipinda mpaka kumapeto, ndipo m'miyezi yozizira limandiuza kuti kunja kwacha ndisanatsegule maso. Ufa ndimakanda ndi lamanzere tsopano. Mnyamata uja wa kabaza ndimakumana naye pasiteji, ndipo mpaka lero amakana kulandira ndalama yanga, ngakhale ndimamukakamiza. Chipewa anagula chimodzi, amapatsa wokwera.

Chigamba chija chidakalipo, chapirira mvula. Koma mwezi watha, ndikutsika ndi beseni langa, ndinaona ming'alu ya khungu la ng'ona ija pafupi ndi kalavati, mamita ngati 30 kutsika kuchokera pachigambacho. Ndinamuuza wa kabaza kuti aime. Anadabwa kuti ndikujambula chiyani poti palibe dzenje. Madzulo ake ndinakabwereka tepi kwa telala.